Mapesi anga a zaka zitatu

Madzi osefukira ataphwa ku Makhanga chaka chija, munda umene banja la amuna anga linandipatsa unatsala mchenga wokhawokha. Ukabzala mapira, ankamera n'kulekera m'mawondo, basi. Ana anayi, munda womwewo umodzi.

Mlangizi wina ndiye anandiuza kuti ndileke kutentha mapesi. Anati phesi silichokera m'dothi mokha ayi, mbali yaikulu ndi mpweya umene mapira amakoka kudzera m'masamba, akuti kaboni. Phesi likawolera pansi, kaboniyo amalowa m'nthaka, n'chifukwa chake nthaka yachonde imada. Ukalitentha, amabwerera kumwamba ndi utsi, iwe n'kutsala ndi phulusa loti mphepo iziseweretsa. Zambiri za alangizi ndimazisiya pamsonkhano pomwepo, koma izi ndinapita nazo kunyumba.

Zaka zitatu ndinayala mapesi. Ndinkasenza namasupuni, zomera zoyandama pamadzi zija, kuchokera kumtsinje, madzi ali chuchuchu kumsana, ndi ndowe za mbuzi m'chidebe. Anthu ankandiseka. Kwathu kuno munda wa munthu wolimbika umadziwika ndi kuyera: pofika Okutobala usose, uunjike, utenthe, pakhale mbee ngati pabwalo. Wangawo ankautcha dzala. Azimayi kumjigo ankandifunsa ngati ndayamba kuweta njoka, ine n'kumawayankha kuti eya, zikaswana ndidzakugawirani. Chaka chachitatu ndinafukula pansi pa mapesi n'kupeza dothi lakuda, lozizira, muli nyongolotsi. Nyongolotsiyo ndinaitengera kunyumba m'manja kukaonetsa amuna anga, iwo n'kumandiyang'ana ngati mutu wandizungulira.

Okutobala wa chaka chomwecho mchemwali wanga anadwala ku Bangula, ndinapita kukamudwazika sabata imodzi. Pobwera ndinadzera kumunda. Fungo la utsi linandipeza ndikadali panjira. Munda wonse unali bii, mapesi, namasupuni, ndowe, zonse psiti. Pakati pake panaima apongozi anga aamuna, nkhalamba ya imvi, khasu lili paphewa, akumwetulira. Masiku awiri anasosa okha padzuwa la kuno lija, ndi msana wawo wovutawo.

"Mayi, ndakuchotserani manyazi," anatero. "Tsopano palibe amene adzakuneneni ulesi."

Mtima unachita kuwira. Ndinkafuna kukuwa, kuwafunsa kuti wakutumani ndani, munasenzapo namasupuni angati inuyo? Koma apongozi suwayang'ana n'kumaso komwe, nanji kuwakalipira. Ndinagwada paphulusa likadali lofunda, n'kuwomba m'manja.

"Zikomo, ababa."

Mkwiyo wonse unakathera pa amuna anga. Anawaona bambo awo akunyamuka ndi machesi, iwo ali phee pamthunzi, akuti munthu wamkulu sungamuletse. Ndinawalalatira mpaka oyandikana nafe anatuluka m'nyumba. Amuna angawo anangoti phulusa nalonso ndi manyowa. Manyowa ake ati? Sabata isanathe mphepo inalinyamula kupita nalo kuminda ya eni. Dothi lakuda lija linatsala pamtetete, dzuwa linaliwotcha, mvula yoyamba n'kulikokolola. Mapira a chaka chimenecho analekeranso m'mawondo, ndipo pofika Januwale wotsatira ana anga ankadya nyika, mizu ya zomera za m'madzi yokumba m'dambo.

Ndinayambiranso kuyala mapesi, nanga ndikanatani? Apongozi anamwalira patapita zaka ziwiri, osadziwa chimene anatentha. Pamaliro awo mayi wina anandinong'oneza kuti malemuwo ankandikonda, ankauza aliyense kuti mpongozi wawo ngwaulemu, anawagwadira m'munda momwe. Ndinalira kwambiri tsiku limenelo, anthu n'kumati ndi chisoni chokha. Mpaka lero ndikamva fungo la mapesi akupsa, sindikwiyira nkhalamba ija ayi. Ndimakwiyira zikomo uja.