Tsache Langa Linasesa Ntchito ya Kalabu Yonse

Inu owerenga, ndikulemba izi ndili ndi mkwiyo womwe ukundiletsa ngakhale kudya. Ndinalakwa, ndikuvomera. Koma sindinalakwe ndekha, ndipo amene tinalakwa naye akudya zitumbuwa pa buleki ngati palibe chinachitika.

Ndili Fomu 3 pa sekondale ina kufupi ndi Phalula. Sindiyankhulayankhula, zambiri ndimauza kabuku kanga ka tsiku ndi tsiku. Chaka chino kalabu yathu ya makompyuta inkapanga pulogalamu yokumbutsa alimi a thonje masiku opopera mankhwala, yoti atsikana atatu akaionetse ku Liwonde. Ine ndinali mmodzi mwa atatuwo. Chibadwire ndinali ndisanasankhidwepo pa chilichonse, ndiye mumvetse mmene ndinkaufunira ulendowo.

Ntchito yathu tinkaisunga mu Git, pulogalamu yomwe imalemba mbiri ya chilichonse chomwe chasinthidwa, pamodzi ndi dzina la wosinthayo. Tikamaliza pa kompyuta ya m'labu tinkatumiza ntchitoyo ku seva, kompyuta yakale yokhala mu ofesi ya aphunzitsi. Netiweki ya pakati pa ziwirizi inkadukaduka, choncho a Madamu oyang'anira kalabu anandiuza ndilembe timasikiripiti ta sheli, timalamulo tolemba pa sikirini yakuda ija, toyesera ngati makompyutawa akumvana. Kena kankadzutsa seva yongoyerekezera. Kena kankatumiza uthenga n'kuona ngati yankho labwera lolondola. Komaliza ndinakatcha tsache, chifukwa mayeso akatha linkafufuta mafoda oyeserawo, kotumiza ndi kolandira komwe.

Tsiku lina ndinazindikira kuti tsache langalo silifunsa. Pomwe waliloza, limasesa. Ndinalemba m'kabuku kuti ndikawauza a Madamu andithandize kuliikira chotchinga. Katatu konse ndinafika pakhomo la ofesi, koma ndikamva aphunzitsi akuseka m'katimo ndinkabwerera. Chinanso, kompyuta ya m'labu ndinaikonza ndine poyamba, ndiye inali ndi dzina langa, ndipo aliyense wosinthapo kanthu mbiri inkamulemba ngati ine. Ndinkanyadira kuona dzina langa paliponse. Uchitsiru wanga!

Lachitatu lina masana tinatsala awiri m'labu, ine ndi Felesiya wa Fomu 4, mtsogoleri wa kalabu. Anati: "Iwe, zoyerekezera zakozi ndi masanje. Ku Liwonde sitikukaphika mchenga, tiyese pa zenizeni." Ndinati, "Iyayi achemwali," koma ndi mawu oti ngakhale ine mwini sindinawamve bwino. Anandikankhira pambali ndi chigongono, n'kuloza zida zanga pa foda yathu yeniyeni ndi pa seva yeniyeni. Anasunga kusinthako m'mbiri monga tinaphunzitsidwira, n'kudina. Mayeso anayenda bwino, iye n'kuwomba m'manja. Kenako tsache linagwira ntchito yake. Ntchito ya miyezi iwiri inapita, m'labu ndi ku ofesi komwe. Chotsala chinali kachidutswa kakale pa fulashi ya a Madamu.

Mbiri ya zida zanga inali m'foda ina, ndiye inapulumuka. A Madamu ataitsegula anapeza kuti wosintha ndi ine. Felesiya anangokweza mapewa: "Zida ndi zake, dzina ndi lake, ine ndidziwa bwanji?" Inu owerenga, munthu angathe bwanji kunama chonchi maso ali gwa? Ine misozi yokha.

M'mawa mwake ndinatenga kabuku kanga, komwe ngakhale amayi sanakatsegulepo, n'kukapereka kwa a Madamu kuti awerenge za Lachitatu lija. Anawerenga. Kenako anabwerera m'mbuyo masamba angapo, n'kuima pa tsiku lomwe ndinalemba kuti tsache silifunsa. Anandiyang'ana n'kufunsa: "Ndiye unkadziwa, mwanawe, masabata atatu onsewa?" Anati za Felesiya alibe umboni wina woposa mawu anga, koma zoti ndinadziwa ngozi n'kukhala chete, ndinazilemba ndekha ndi dzanja langa. Anandichotsa pa ulendo.

Felesiya anapita ku Liwonde ndi kachidutswa kaja. Minibasi yawo inandidutsa pa msewu wa M1 ndikugulira amayi tomato, ndipo anandibayibitsa. Mpaka lero ndikamuona mtima umatentha. Komabe amene ndamukwiyira kwambiri ndi mtsikana uja ankabwerera pakhomo la ofesi chifukwa choopa kusekedwa.

Atsikana anzanga amanyazi, mverani. Mukapanga chida chofufuta, chiphunzitseni kukana malo omwe si oyeserapo musanachipatse munthu wina. Tsache langa pano silisesa foda iliyonse yopanda mawu oti "zoyesera". Musasiye dzina lanu pa kompyuta ya anthu onse. Ndipo mukaona ngozi, gogodani chitsekocho ngakhale muli ndi mantha. Ine ndinauza kabuku m'malo mouza munthu, ndipo tsiku lomwe kabukuko kanayankhula, kananeneza ine.