Kuchoka Posankha Maapozi Kufika Pampando wa Jaji

Tsiku limene Ofelia Zamarripa anamva kuti walepheranso mayeso a uloya, anali pantchito yosankha maapozi m'shedi ina kuno kuchigwa cha Yakima, ku America. Kanali kachiwiri. Uthengawo anauwerenga pafoni nthawi yopuma, n'kubwerera pamalo pake. Manja ankangogwira okha, ovunda uku abwino uku, maso ali ndi misozi.

Anali ndi zaka 37 ndi ana awiri, mwamuna atachoka kalekale. Sukulu anaisiya ali mtsikana kuti azithandiza makolo ake kuthyola zipatso m'minda ya eni. Anaibwerera ali mayi kale, n'kukwawa nayo mpaka kumaliza maphunziro a zamalamulo. Masiku ena ankagwira ganyu yomasulira kukhoti, ndipo kumeneko ndiye kunamupatsa njala ya uloya. Ankaona anthu akuvomera milandu asanamvetse n'komwe chimene akuvomera.

Lamlungu lotsatira anapita kwa amayi ake, a Herminia. Mlongo wake Rogelio anamulandira ndi nthabwala yake ya masiku onse, kuti alowe a loya a maapozi. Ulendo uno Ofelia sanaseke. Anauza amayi ake kuti basi, mabuku aja akawapatsa ena.

A Herminia sanasiye kukanda ufa.

"Anthu a mayesowo akuuza kuti usadzapitenso?"

"Ayi, amayi."

"Nanga wakuthamangitsa ndani?"

Ofelia analembetsanso mayeso, ndipo ana ake anasamukira kwa agogo awo miyezi inayi. Ofelia ankawerenga m'mamawa asanapite kushedi, ndiponso m'galimoto nthawi ya nkhomaliro. Kachitatu anakhoza.

Kwa zaka khumi ndi zitatu anali loya woimira anthu osauka pamilandu. Ina ankapambana, yambiri ayi. Koma aliyense amene anamuimira ankatuluka m'khoti akudziwa chimene chachitika ndi chifukwa chake.

Kuno majaji timawasankha ndi voti. Jaji wina atapuma pantchito, Ofelia anaima nawo pachisankho. Wopikisana naye anali loya wa boma wodziwika bwino, munthu waulemu wake, zikwangwani zake zili pamsewu uliwonse. Anzake ena a Ofelia anamulangiza kuti asadzivute, poti anthu a m'minda savota. Iye anagula nsapato zofewa n'kuyamba kugogoda khomo ndi khomo.

Tsiku lina masana chitseko chinatsegulidwa ndi mayi achikulire amene Ofelia anawazindikira nthawi yomweyo. Anali mayi Quiroz. Mwana wawo anali kundende, ndipo amene anamuimira pamlandu uja anali Ofelia yemweyo. Ofelia anafuna kupepesa n'kubwerera.

"Imani kaye," anatero mayiwo. "Mlandu munaluza, ndipo mtima ukundipwetekabe. Koma tsiku lija aliyense atatuluka, inu munakhala nane pabenchi mpaka ndinamvetsa zaka zimene mwana wanga akakhale. Pepala lovotera lili patebulopo. Sindinavotepo chibadwire. Ndionetseni mmene amatumizira, posankhapo ndisankha ndekha."

Mavoti athu ambiri amabwera pa positi, choncho kuwerenga kumatenga masiku. Tsiku loyamba Ofelia anali m'mbuyo ndi mavoti mazana anayi. Anapitabe kukhoti monga mwa nthawi zonse, pakuti kunali anthu omudikira. Ma envulopu a m'matauni ang'onoang'ono a kuminda anapitiriza kufika, mpata n'kumachepa pang'onopang'ono. Tsiku lachisanu ndi chinayi anapambana ndi mavoti 186. Woyamba kumuimbira foni yomufunira zabwino anali mnzake wopikisana naye uja.

Mu Januwale analumbira. Mkanjo wakuda unamukulira manja, moti anachita kuupinda kawiri kuti dzanja lioneke polumbirapo, anthu m'khoti n'kuseka naye limodzi. Anali ndi zaka 51. Mawa lake m'mawa anakhala pampando, patsogolo pake pali milandu makumi awiri ndi itatu, ndipo anayamba ndi kufunsa munthu woyamba mmene dzina lake amalitchulira.

Inu amene mukuwerenga, mwina mwalephera kawiri, mwina mukuona ngati zaka zakupitirirani. Pumani ngati mwatopa, lirani ngati zawawa, koma mukatero dzukani mukalembetsenso. Osataya mtima, pakuti ulendo wachitatu sangakhoze munthu amene sanapiteko.