Kapu Yachiwiri pa Msomali

Sitoloko inandigwira m'dimba, ndikuthirira repu. Mwendo unabwerera patapita miyezi, mkono nawo unayesako, koma mlomo wa kumanzere unakana kutseka. Malovu ankangotsika okha. Ndikawerama kumanga nsapato, dontho pansi. Ndikayankhula, kolala yanyowa. Bambo wa ana atatu, ndinayamba kuyenda ndi kansalu paphewa ngati khanda.

Kwathu ku Kavalamanja, Loweruka masana amuna timakhala pansi pa bwemba kusoka maukonde. Pamakhala baketi ya munkoyo, thobwa lathu la kuno, ndi kapu imodzi. Umamwa, n'kutunganso, n'kupatsa wa pambali pako. Tinazipeza choncho. Chimwalirireni mkazi wanga, ana onse ali ku Lusaka, kapu imeneyo ndiyo yokha ndinkagawana ndi anthu.

Tsiku limene ndinabwererako nditadwala, ndinamwa, ndipo ulusi wa malovu unatsalira pakati pa mlomo ndi kapu. Onse anauona. Wotsatira anali mlamu wanga, mlongo wake wa malemu mkazi wanga. Analandira kapu n'kuipukuta ndi nsonga ya shati, pang'onopang'ono, maso ali kumtsinje. Ndinamenya baketi ndi mwendo wabwinowo, munkoyo wonse m'fumbi. Ndinawauza kuti ambiri a iwo mano awo ndi owola, koma ndamwa pambuyo pawo zaka zonsezi osapukuta. Mawu anatuluka opindika, malovu akuwaza. Onse anangopitiriza kusoka maukonde awo. Bola akanandituka.

Miyezi isanu ndi iwiri sindinapondeko. Loweruka ndinkakhala pakhonde, kuseka kwawo kukundipeza komweko. Mlamu anabwera kawiri, ndinamuuza ndili kuseri kwa chitseko kuti ndagona.

Mwana wanga wamkazi atanditengera ku Lusaka kukandiyezanso, dokotala anaona kansalu kaja n'kundilembera timapulasitala tamankhwala. Kamodzi n'kozungulira, kochepa ngati mamba a nsomba yaikulu. Anati kamamatidwa kuseri kwa khutu, pakhungu louma lopanda tsitsi, kamakhala masiku atatu, kenaka umamata kena kukhutu linalo. Ukamata usambe m'manja, usagwire m'maso. Ine ndinamuuza kuti vuto langa lili pakamwa, khutu lilibe mlandu. Mwana wanga anandiponda phazi.

Koma kanagwira ntchito. M'mawa mwake pilo anali wouma. Kuuma kwake kunachita kupitirira: lilime ngati nsomba yapathandala, tulo masana, zilembo za m'Baibulo zosaoneka bwino. Ndinalolera. Chimene sindinalolere ndi dzuwa lathu. Tsiku lina thukuta linakamatula ndili m'dimba, kanagwera sindikudziwa pati. Ndinakwawa m'mizere ya repu ndikutukwana ndekha mpaka mawondo kutupa. Kuno timapulasitala timeneti sitipezeka, ndipo kwa mwana wanga nakonso sikuti timabwera nthawi zonse.

Loweruka lotsatira ndinameta, kapulasitala kena kali kuseri kwa khutu, kansalu n'kusiya kunyumba. Pansi pa bwemba anandipatsa moni ngati dzulo tinali limodzi. Kenaka ndinaona pathunthu pali msomali, pamsomalipo kapu ina yobiriwira, yomangidwa waya pachogwirira. Mlamu anati anaigula sabata imene ndinataya munkoyo, ndi yanga, yakhala ikundidikira. Ankaganiza kuti wachita zabwino. Mutu wanga unatentha. Ndinamva mwendo uja ukufunanso baketi, ndinaupanikiza pansi.

“Alamu,” ndinatero, “gwirani chibwano ichi.”

Anazengereza, kenaka anandikhudza ndi kunja kwa dzanja.

“Chauma zoona,” iye anatero. “Nanga ukali uja, nawo anakumatirani kapulasitala?”

Anthu anaseka, ine ayi. Ndinatambasulira dzanja kapu ya onse. Mlamu anatunga n'kundipatsa. Ndinamwa, ndinatunga, ndinamubwezera. Maso anga anali pa shati yake. Sanapukute. Anamwa yonse, n'kuyamba kudandaula za ng'ona imene inang'amba ukonde wake.

Kuyambira pamenepo ndimamata Lachisanu madzulo, n'kuchotsa Lolemba. Masiku enawo ndimakhala ndi kansalu kanga, ndimapita kudimba anthu asanadzuke, ndimadya chitseko chili chotseka. Dokotala sanandiuze kuti ndizitero, ndinaganiza ndekha kuti timapulasitala tikhalitse. Anzanga pansi pa bwemba amati ndinachira, ndipo sindiwatsutsa.

Kapu yobiriwira ikadali pamsomali, yachita fumbi, mavu ayamba kumangamo. Sabata yatha mlamu anafunsa ngati angaitengere kunyumba, akazi ake akusowa yotungira madzi mumtsuko. M'paketi mwatsala timapulasitala tinayi. Ndinamuuza kuti aisiye pomwepo.