Chiphaso Choimirira pa Khomo la a Odessa

Mayi Odessa Pruitt anayendetsa basi ya ana asukulu zaka makumi awiri ndi ziwiri kummwera kwa Chicago, ndipo chimene anachidziwa bwino pa zaka zonsezo si misewu ayi, koma nkhope ya mwana amene akunama. Ankaiona m'mawa uliwonse pa kalilole wa pamwamba pa chiwongolero. Maondo atayamba kuvuta anasiya basi, ndipo a Tolliver, eni bala yaing'ono ya pafupi ndi njanji, anawapatsa mpando wautali pakhomo, tochi, ndi ntchito imodzi yokha: wosakwana zaka 21 asaponde mkati.

Ntchitoyo anaigwira ngati ya kutchalitchi. Chiphaso ankachiunika kutsogolo ndi kumbuyo, n'kukanda m'mphepete ndi chikhadabo. Pachithunzi sankayang'ana maso, ankayang'ana makutu, poti munthu angasinthe tsitsi ndi nsidze koma khutu ndi lomwelo. Mwana wa mchemwali wawo weniweni anamubweza kutatsala milungu iwiri kuti akwanitse zaka, ndipo pachibale nkhaniyo sinathebe. Anthu a m'balamo ankawatcha a Jaji.

"A Jaji, ine ndi imvi zonsezi?" ankadandaula a Rufus, amene ankakonza zikepe za m'nyumba zosanja.

"Imvi amagulitsa kusitolo. Tulutsani chiphaso, achimwene."

Chaka chatha a Odessa anagonekedwa m'chipatala masiku anayi, pakhomo n'kukhala a Tolliver eni ake. Apolisi anatumiza nyambo yawo, mnyamata wandevu wa zaka 19, ndipo a Tolliver anamulowetsa akumusekerera. Bala inatsekedwa sabata yathunthu, ndipo anauzidwa kuti akagwidwanso, chilolezo chapita. Kuyambira pamenepo a Tolliver anaika lamulo lawolawo: chiphaso choimirira, chimene boma limapereka kwa ana osakwana zaka, chisalandiridwe ngakhale mwiniwake atalumbira kuti zaka zakwana. Akatenge kaye chogona cha akuluakulu.

Lachinayi ndi tsiku la gule wa sitepi. Amabwera ndi anthu achikulire ochokera kuntchito, anamwino, a positi, oyendetsa sitima, awiriawiri, mwamuna ndi mkazi atavala mtundu umodzi kuyambira chipewa mpaka nsapato. A Odessa ankakonda Lachinayi chifukwa ana sabwera.

Koma Lachinayi lina m'mwezi wa Febuluwale, cha m'ma eyiti usiku, anaona galimoto yotuwa itaima kutsidya kwa msewu, nyali zozimitsa, utsi ukutuluka kumbuyo. Mkati munali munthu mmodzi wachipewa. Anaiona koyamba akuunika chiphaso cha a Rufus. Patatha mphindi khumi inali pomwepo. Ndi kuzizira kotero, munthu wabwinobwino sakhala m'galimoto kumayang'ana khomo la bala.

Kenaka kumbali kwa galimotoyo kunatulukira mtsikana, n'kuwoloka msewu akupewa madzi oundana. Anali yekha. Jasi lake linali lotseguka, mkati diresi yachikasu ndi nsapato zachikasu.

"Mwaswera bwanji, mayi," anatero, n'kupereka chiphaso asanafunsidwe.

Amene amapereka asanafunsidwe ndi amene a Odessa ankawakayikira kwambiri. Anayatsa tochi. Chiphaso choimirira. Dzina Keondra Hatch. Anawerengera zaka kawiri, kachitatu ndi zala pansi pa jasi. Zaka 21 zinakwana tsiku lomwelo.

"Lero lomwe?"

"Lero lomwe, mayi."

"Zangochitika mwamwayi, eti? Tembenuka ndione khutu."

Mtsikanayo anaseka pang'ono, n'kutembenuka. Khutu linali lomwelo. M'mphepete mwa chiphaso munali mosalala. Koma a Odessa anali atamva kuti apolisi nawo amachenjera chaka ndi chaka.

"Sekondale unamaliza liti?"

Anayankha bwino, osaphethira.

"Unkakwera basi yanji?"

"Ndinkayenda wapansi. Mayi, kukuzizira."

"Kwazizira kuyambira Novembala, sunayambitse ndiwe. Mwanawe, ukudziwa kuti muno muli agogo okhaokha? Anzako ali kumpoto uko, kumene nyimbo zake zimagwedeza mano. Mwana wa zaka zako amadzadyera tsiku lobadwa kwa a Tolliver?"

"Ndabwera kudzavina sitepi."

"Wekha?"

Mtsikanayo anacheukira galimoto ija, n'kubweza maso msanga. A Odessa anaziona zimenezo. Basi, ndi apolisi omwe aja. Anaganiza za a Tolliver, za mayi amene amakazinga nsomba kukhitchini, za anthu makumi asanu amene mkatimo ankatsetsereka pa matabwa ngati alibe ngongole ndi dziko. Chiphaso chimodzi, zonsezo kutha.

"Uja m'galimotomo ndani?"

"Anati ndisanene mpaka atakonzeka."

"Atakonzeka kutani? Kundimanga?"

A Rufus, amene anatuluka kudzasuta, anaikapo mlomo. "Mlekeni mwana alowe, a Jaji. Mumaona wapolisi ndi mu supu momwe."

"Inu a Rufus, sutani fodya wanu. Bala ikatsekedwa muzikavina m'chikepe."

Anabweza chiphaso m'manja mwa mtsikanayo. "Choimirira sitilandira. Ukatenge chogona, udzabwere sabata yamawa."

Mtsikanayo sanakangane. Anangoti, "Sabata yamawa sadzabweranso," n'kuyamba kumanga mabatani a jasi. Pomanga, kuwala kwa tochi kunagwera pa kolala ya diresi, pamene panali timikanda toyera tosokedwa ngati masamba. A Odessa anagwira dzanja lake.

"Diresi iyi waitenga kuti?"

"Ndi ya agogo anga aakazi."

A Odessa anaidziwa. Ernestine Hatch, mmodzi wa ovina akale a kwa a Tolliver, ankaivala Lachinayi loyamba la mwezi uliwonse, ndipo anamwalira zaka zitatu zapitazo. Koma zovala za akufa zimathera m'masitolo a kaunjika, ndipo aliyense angagule. Dzina loti Hatch nalo m'Chicago si la banja limodzi. Anatsika pampando, maondo akulira.

"A Rufus, imani apa. Asalowe munthu, ngakhale amayi anu. Iwe, usasunthe."

Anawoloka msewu ndi tochi m'manja, akukonza kale mawu oti amuuze wapolisiyo. Anagogoda pagalasi. Galasi linatsika pang'onopang'ono, ndipo tochi inaunika chipewa chachikasu, tayi yachikasu, ndi suti yachikasu imene tsopano inali yaikulu kwa mwiniwake. Anali a Clevon Hatch, amuna a Ernestine, amene kale akalowa m'bwalo anthu ankasiya kuvina n'kumaonerera. Chimwalirire akazi awo anali asanapondenso kwa a Tolliver.

"Odessa," anatero motsitsa. "Ukadali kuunika anthu m'maso?"

"A Clevon! Mwandidwalitsa mtima. Mwakhala muno ngati wapolisi bwanji?"

"Ndinamulonjeza mdzukulu wangayu ali ndi zaka 18. Amandivutitsa kuti ndibwerere, ine n'kuti ndidzabwerera tsiku limene iwe udzaloledwe kulowa nane. Ndimayesa aiwala." Anapukuta pamphuno ndi mpango, nawonso wachikasu. "Miyezi inayi wakhala akundiphunzitsa kukhitchini mavinidwe amene ndinamuphunzitsa ndine. Ndafika apa, miyendo yakana. Ukamubweza, Odessa, undithandiza. Tizipita kunyumba."

A Odessa anayang'ana kukhomo. Mtsikana uja anali chiimire pamene anamusiya, manja m'khwapa, nsapato za agogo ake zili m'madzi oundana. Lamulo la boma linkamulola. La a Tolliver linkamukana. Ndipo a Tolliver anali atanena kuti wophwanya lamulolo, mpando ausiye.

"Zimitsani galimoto," anatero. "Mukuwononga mafuta."

Anabwerera nawo atawagwira pachigongono. Pakhomo anatenganso chiphaso cha Keondra, n'kuchiunika kachiwiri, kutsogolo ndi kumbuyo, n'kuwerengeranso zaka. Kenaka anakankha chitseko n'kuitana a Tolliver. Iwo atafika anaona chiphaso choimirira, nkhope n'kukwinyika.

"Odessa, tinagwirizana chiyani?"

"Tinagwirizana. Ndawerenga kanayi, ndaona khutu, ndaona diresi, ndaonanso suti. Wapolisi amene angasoke suti yofanana ndi diresi ya Ernestine, ameneyo atimange basi. Akakhala nyambo, mpando wanga ndi uwo."

A Tolliver anayang'ana a Clevon nthawi yaitali, n'kuvula chipewa, n'kupatuka pakhomo.

Keondra analowa. A Clevon atati atsatire, tochi inawatsekera njira.

"Chiphaso, bambo."

"Odessa, ndili ndi zaka 74!"

"Zaka zitatu sindinakuoneni. Ndidziwa bwanji?"

Anachitulutsa akuseka, ndipo a Odessa anachiunika monga mwa masiku onse. Chitseko chitatsekeka anamva mkatimo anthu akukuwa dzina la a Clevon, nyimbo n'kuyambiranso poyambira. Sanasuzumire. Anakwera pampando wawo, n'kukoka jasi. Kumunsi kwa msewu kunali kutaima galimoto ina, yakuda, nyali zozimitsa.