Tsinya la Amayi Anga

Patatha zaka zisanu amayi atamwalira, ndinazindikira kuti nkhope yawo ikundithawa. Mawu awo ndinkawamva bwinobwino, manja awo onunkhira mafuta a zitumbuwa ndinkawaona, koma nkhope inali ngati ya munthu woima kutsidya kwa msewu tsiku la fumbi. Zinandiopsa kwambiri. Chithunzi chokha chimene anasiya chinali cha pachitupa, chaching'ono ngati chikhadabo, chidindo chitadya tsaya limodzi.

Ku Chawama kunali bambo wina wojambula mitu ya anthu pamakoma a malo ometera tsitsi. Ndinapita kwa iwo ndi chitupacho. Anatulutsa buku lopanda chikuto, lodzaza zithunzi za azungu akalekale a ku Falansa, tsitsi lawo lopotana ngati ubweya wa nkhosa. Anati anthu ojambula zithunzizo ndiwo anawaphunzitsa ntchito, ngakhale sanaonanepo. Ndinaseka chamumtima: wojambula mitu ya mpala n'kumadzitama ndi Falansa!

"Aba ojambula benze kutenga nkhope kwa mwine wake, mapewa kwa munthu wina," anatero. "Mubwele na duku ya bamai banu, muzankala pa mupando."

Ndinayamba kupita Loweruka lililonse masana. Ankatseka zenera ndi katoni, n'kusiya chitseko chokha kuti kuwala kuzindigwera mbali imodzi. Fungo la penti ndi palafini linkandizunguza mutu pang'onopang'ono. Fumbi linkayandama m'kuwalako, phokoso la owotcherera zitsulo likumveka ngati lochokera kutali, ine n'kumawodzera maso ali chipenyere. Nthawi zina ndinkamva ngati amayi akutsuka mbale kuseri kwa khoma, ndipo sindinkafuna kutembenuka.

Nsalu yojambulapo anayamba aipaka utoto wofiirira ngati dothi la pachulu. Pamwamba pake anajambula nkhope yonse ndi utoto wotuwa. Nditasuzumira ndinadzuka pampando.

"Ba penta, mwanijambulila mtembo?"

"Nkalani pansi, mayo. Magazi yamabwela pambuyo."

Anabweradi. Ankasungunula utoto ndi mafuta mpaka upyapyale, kuyala kamodzi, kudikira sabata kuti uume, n'kuyalanso. Kutuwa kuja kunkaonekera pansi ngati mthunzi wa mafupa, ndipo khungu linayamba kufunda, kuyambira m'makutu.

Cholakwa chinali changa. Sabata iliyonse ndinkawatsekera m'khutu kuti asalaze chipumi, afewetse maso, awamwetulitse ngati madona a m'buku lija. Ndinkafuna amayi opuma, oti sanadzukepo m'mamawa kukakazinga zitumbuwa pamsika. Bambowo ankangopukusa mutu n'kuchita zimene ndanena. Tsiku lomaliza atatembenuza nsaluyo, ndinaona mayi wokongola, wofatsa, atavala duku la amayi anga. Chibadwire ndinali ndisanamuonepo.

Mtima unandiwawa, ndipo ine ukandiwawa mtima ndimakalipa. Ndinawalalatira bambo aja osawasiyira malo. Ndinati andidyera Maloweruka anga pachabe, buku lawolo akayatsire mbaula, iwo abwerere kukajambula mpala zawo.

"Imililani che so," anandidula. "Musagwedezeke."

Sankamva n'komwe zimene ndikunena. Maso awo anali pakati pa nsidze zanga, burashi ili kale m'manja. Anakoka timizere tiwiri pachipumi cha mayi wachilendo uja, anakweza nsidze imodzi, pakamwa n'kupakokera pansi mbali ya kumanzere. Kenaka anapukuta burashi pabuluku, n'kupatuka.

Amayi anali kundiyang'ana ndi tsinya lawo lomwe ankandilandira nalo ndikachedwa kumpopi. Analidi iwowo, ndipo zinkachita kuonekeratu kuti andimva ndikunyoza munthu wamkulu. Ndine mayi wa ana atatu, koma maondo anapinda okha mpaka pasimenti.

"Pepani amama," ndinatero, misozi ili chuchuchu. "Sinizabwezapo."