Ndevu za apongozi zili kuti?

Loweruka lapitali ndinaimirira pakhonde la apongozi anga aamuna, kumudzi kwina kupitirira Embangweni, nditatsekula mashini ometera ndevu kuti banja lonse lisuzumiremo. Anasuzumiradi, mmodzimmodzi. Munali mbee! Ngakhale kandevu kamodzi munalibe.

"Sono zili kuti?" anafunsa ankhazi, ndiye kuti azakhali a mkazi wanga, mlongo wawo wa apongoziwo.

Lekani ndiyambire poyambira, kuti nanunso mundiweruze mutamva zonse.

Ine kwathu ndi ku Dedza. Uphunzitsi ndi umene unandiponya ku Mzimba Boma, ndipo kunoko ndinapeza mkazi wanga NyaMoyo, mayi wa mwana wathu Tadala. Kumudzi kwawo amanditchula kuti mkweni, tingoti mkamwini. Chitumbuka ndimamva, koma ndikati ndilankhule ana amagwa ndi phwete.

Apongozi anga, adada Moyo, ndi munthu waukhondo wochita kunyanya. Moyo wawo wonse akhala akumeta ndevu Lamulungu lililonse m'mawa asanapite kutchalitchi, ndi lezala yogwira ndi zala, sopo wochapira, ndi kagalasi kosweka koika pawindo. Chaka chatha anadwala sitiroko, dzanja lamanja n'kufooka. Ana awo aamuna onse ali ku Joni. Ndiye mkuluyo anayamba kumeta ndi lamanzere.

Tsiku lina mwezi wathawu ndinawapeza atavala malaya oyera a kutchalitchi, kolala yonse madontho a magazi, chibwano chili timabala tokhatokha. Mtima unandiwawa. Nditabwerera ku Boma ndinalowa m'sitolo n'kuwagulira mashini aang'ono otchaja aja, osacheka khungu. M'njira ndinkadzitama ndekha kuti akuluakulu sananame, mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa.

Ndinawameta ine ndemwe tsiku loyamba. Ankaseka kuti akuwagirigisha. "Yewo chomene, akweni," anatero akusisita chibwano. Koma posakhalitsa moto unatha m'mashinimo, ndipo sola ya pakhomopo inali itafa. Ndinangowaponya m'chikwama n'kunena kuti ndikawatchajira ku Boma. Palibe anandiletsa. Panopa ndi pamene ndikukumbukira kuti maso a ankhazi anaperekeza chikwamacho mpaka panjinga.

Sabata yomweyo apongozi anatupa miyendo n'kugonekedwa m'chipatala. Sabata yomweyonso, tsoka ilo, ine anandikweza kukhala wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu, udindo womwe ndaudikirira mpaka imvi kumera.

Mwaona kale kumene nkhaniyi ikulowera, si choncho? Ngati mwaona, dzifunseni kuti mwaona bwanji msanga chotere.

Ine ndinachedwa kuzindikira. Ndinangoona kuti foni ya NyaMoyo ikalira, akukayankhira kuseri kwa khitchini. Kenako mlamu wanga Yotamu anandiimbira kuchokera ku Joni, munthu amene sanandiimbirepo chikwatirire.

"Alamu, ine sindikunena kanthu yayi," anatero. "Koma mashini aja abwerere kunyumba momwe anachokera. Ndi zonse zam'kati."

Munthu akayamba ndi mawu oti sindikunena kanthu, dziwani kuti wanena kale, ndipo wanena kwa anthu ambiri.

Ndinafunsa mkazi wanga kuti zam'kati zake ziti.

"Ndevu za adada. Zikadalimo eti?"

Ndinamuuza zoona. Mashiniwo amabwera ndi kaburashi, ndipo wogulitsa anandilangiza kuti ndizipukuta ndikameta. Ndinapukutadi bwinobwino, n'kukungunthira kudzala la kuseri kwa nyumba, kumene nkhuku za sukulu yonse zimapalasa. Zotsala mphepo ya Mzimba inamaliza.

"Mayo ine! Awisi Tadala, amuna anga, mwandipha," anatero NyaMoyo, n'kukhala pansi. "Bwanji osangosiya momwemo? Adada chibadwire sanatayepo ndevu zawo pabwalo. Amazikulunga papepala n'kukaponya okha m'chimbudzi. Anthu akuti mkweni wa ku Dedza watenga ndevu za mkulu kukakhwimira udindo. Ankhazi akuti musadzapondenso pakhomo paja."

Ndinafuna kuseka, koma kuseka sikunabwere. Dzina la wokhwima silichoka ndi sopo. Likakumata, lamatanso mkazi wako, ndipo Tadala adzakula akulozedwa chala kwa agogo ake. Komanso ndiseke chiyani, poti kwathu komwe mayi anga ankatimeta n'kukakwirira tsitsi kudimba, osalola kuti ligone pabwalo?

Tsono apa ndi pamene ndikufuna tikambirane, inu abambo anzanga amene mumalimbana ndi ndevu.

Mukafunsa kuti chabwino n'chiti pakati pa lezala ndi mashini, aliyense ali ndi yankho lake. Wina adzati lezala imameta mpaka khungu kusalala, koma imacheka ndipo imabweretsa tiziphuphu pakhosi. Wina adzati mashini sacheka, koma amasiya zitsa, ndipo magetsi akathima uli pampando wa wometa umatuluka mutu uli theka, chipewa chobwereka. Achipatala adzakuuzani kuti lezala yobwerekana imafalitsa matenda. Zonsezo n'zoona.

Koma chenicheni sitichitchula. Lezala sibisa kanthu. Ndevu zimagwera pamiyendo pako, ukuziona, ukhoza kuzitola. Mashini amameza. Ndipo kumudzi kopanda magetsi mashiniwo sakhalitsa pakhomo, ayenera kuyenda ulendo wokatchajitsa, kukagona pashelefu ya munthu wina pamodzi ndi mafoni a mudzi wonse, ndevu zako zili m'mimba mwake. Amene anapanga mashiniwa sanaganizeko zimenezo. Inenso sindinaganizeko, ndipo ndine wobadwira momwe muno.

Musati ndi za kumudzi zokha. Tsiku lina mudzakhale pabenchi mometera tsitsi pa Boma pano, muziyang'ana maso a anthu. Munthu akadzuka pampando amayang'ana kaye pagalasi, kenako pansi. Ndinaonapo bambo wina wa tayi, galimoto ataimika panja, akupempha kajumbo kuti atolere tsitsi lake. Wometayo sanadabwe n'komwe, anangotulutsa kajumbo m'kabati ngati ndi zimene amachita tsiku lililonse. Lamulungu tonsefe timaimba mokweza kuti sitiopa kanthu. Lolemba tikufunsa kuti amene amasesa muno ndani.

Ndipo chinthu chikasokonekera, chala chimayamba kuloza ndani? Wobwera. Mphunzitsi wochokera kutali, namwino wosamva chilankhulo, mkamwini, mtengwa. Ku Dedza tikanatero ndithu ndi mkamwini wa ku Mzimba, ndisanamize anthu. Wobwera akabweretsa mphatso timalandira ndi manja awiri, kwinaku tikufunsa mumtima kuti akufuna chiyani ameneyu.

Choipa kwambiri n'chakuti kukayikirana kumapatsirana msanga kuposa matenda a lezala. Sabata isanathe nane ndinali nditadwala. Ndinayamba kuganiza kuti ankhazi sanandikondepo chiyambire, chifukwa ankafuna NyaMoyo akwatiwe ndi mwana wa mnzawo wa ku Champhira. Ndinaganiza kuti Yotamu akubisa manyazi ake, poti bambo ake akumetedwa ndi mkweni iye akungotumiza mawu pafoni. Ngakhale mkazi wanga ndinayamba kumuyang'ana m'mbali akamathira mchere m'ndiwo, n'kumadzifunsa kuti kodi iyeyu ali mbali iti. Mtima wa mnzako ndi tsidya lina, koma ndikuuzeni, kugona nyumba imodzi ndi tsidya linalo n'kowawa.

Apongozi atatuluka m'chipatala ndinauza NyaMoyo kuti tipite, andithamangitse ndikuona. Ndiye Loweruka lija.

Shuga ndi buledi zomwe tinanyamula zinatsala pakhonde, palibe anazilowetsa m'nyumba. Mpando sanandipatse. Apongozi anali pampando wawo wa ndalema, ataonda, ndevu zoyera zitamera mpaka m'khosi, chifukwa chichokereni mashini palibe anawameta. Pamapazi pawo ndinaona mphini zatsopano, zakuda ndi mankhwala. Ndinafunitsitsa kufunsa kuti lezala yotemera mphinizo inachokera kuti ndipo inatema kale angati. Koma woimbidwa mlandu safunsa mafunso.

Ndinatsekula mashini, ankhazi anafunsa funso lawo lija, ndipo ndinafotokoza za kaburashi, za dzala ndi za nkhuku.

"Nkhuku," anatero ankhazi, akuyang'ana kumbali. "Mbwenu nkhukuzo nazo azikweza pantchito."

Wina anaseka pang'ono n'kudziletsa. NyaMoyo anali atagwada pafupi ndi chitseko, maso pansi, misozi ikugwera pachitenje. Ine thukuta kamukamu, ngakhale kunali kozizira.

Kenako apongozi anakweza dzanja lamanzere.

"Mbwenu, kwamala, zatha basi. NyaMoyo, tunga madzi ofunda, ubwere ndi sopo."

Anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa lezala yatsopano, ikadali m'kapepala kake. Anayala nyuzipepala yakale pamiyendo. Kenako anandiyang'ana.

"Akweni, mashini anu ndawakana, mutenge. Mundimete ndi iyi."

Abale inu! Ine chibadwire sindinametepo munthu wina ndi lezala yopanda chogwirira. Ndipo ndinadziwa kuti ndikangowacheka, ngakhale kadontho kamodzi, nkhani ifika ku Joni dzuwa lisanalowe: anayamba ndi ndevu, tsopano watenga magazi. Kukana nakonso kukanakhala kuvomera mlandu. Ankhazi anasendeza mphasa yawo kufupi kuti aone bwino.

Ndinasamba m'manja, ndinapaka thovu, ndinayamba ndi masaya. Khungu la munthu wokalamba ndi lofewa ngati pepala lonyowa, umayenera kulikoka ndi chala kuti lezala idutse. Nditafika pachibwano anakweza mutu okha, n'kutseka maso, khosi lonse poyera. Mtsempha unkagunda pansi pa chala changa. Pabwalo ponse panali zii, kumangomveka lezala ikupala.

Ndinamaliza osawacheka. Anasisita chibwano, uku ndi uku, monga anachitira tsiku la mashini lija.

"Yewo chomene, mwana wane."

Sanati akweni. Anati mwana wanga. Ankhazi anadzuka, anatola shuga ndi buledi zija n'kulowa nazo m'nyumba. Wina anandibweretsera mpando. NyaMoyo anapukuta m'maso, ndipo ine ndinamva ngati anditula thumba la chimanga pamutu. Ndinatsala pang'ono kulira, sindikubisirani.

Ndiye mwa chisangalalocho, ndi ulemu wanga wa umkamwini, ndinatambasula dzanja kuti ndichotse nyuzipepala ija pamiyendo pawo ndikawatayire.

Dzanja lamanzere lija, la munthu wongotuluka kumene m'chipatala, linafika panyuzipepalapo msanga kuposa langa. Phaa! Anandimwetulira bwinobwino, mwachikondi ndithu. Anapinda pepalalo mosamala, ndevu zonse m'kati, anapindanso, n'kuliika m'thumba la m'kati la jekete. Anamanga batani.

"Izi ndisamala ndekha, mwana wane."

Pobwerera ku Boma NyaMoyo ankaimba nyimbo kumbuyo kwa njinga, akuti nkhani yatha, adada aonetsa mudzi wonse kuti amandikhulupirira. Mwina akunena zoona. Loweruka likubwerali andiitananso kuti ndikawamete, ndipo ndipita, lezala yatsopano ndagula kale. Mashini aja ali pawindo kunyumba, moto wodzaza, opanda wometa nawo. Nane sindinametepo nawo ndevu zanga, ndipo musandifunse chifukwa chake.

Koma inu amene mumadziwa mitima ya anthu, tandiuzani. Munthu amene wakupatsa khosi lake, iwe lezala ili m'manja, koma n'kukukaniza ndevu zake zometameta, ameneyo wakukhulupirira kapena akukuyang'anabe?