Masentimita Asanu a Hylke Tolsma

Aliyense m'mudzi wa Tjallewier amadziwa kuti madzi akaundana, munthu sapondapo Hylke Tolsma asananene. Udindo woyeza ayezi anaulandira kwa malemu bambo ake, pamodzi ndi chitsulo chobowolera, ndodo yoyezera ndi kabuku kachikuto chakuda. Bambo akewo anaulandiranso kwa bambo awo. Ndi za m'banja mwathu zimenezi, ife a Tolsma, ndipo chiyambire palibe mwana wa munthu amene anamirapo a Tolsma atanena kuti pondani.

Ntchito yake yeniyeni ndi ng'ombe zamkaka. Koma Novembala akafika, Hylke wathu ankatsegula chitseko cha ngalande, madzi n'kudzaza dambo la kuseri kwa tchalitchi mpaka kulekeza m'mawondo. Kenako kudikira chisanu. Ayezi akakhuthala kukwana masentimita sikisi ankakweza mbendera, sukulu n'kuweruka, mudzi wonse n'kuvala nsapato zamipeni kukatsetsereka, amayi atatereka msuzi wa nsawawa ndi koko wotentha m'mbalimo. Akapanda kukwana sikisi, mbendera inkagona m'nyumba. Lamulo lake linali lomwelo basi.

Ndiye panadutsa zaka zinayi mbendera osakwera. Wapampando wa komiti ya dambolo, mayi Marrit Boonstra, amene anasamukira kuno kuchokera mumzinda dzanadzanali, anaitanitsa msonkhano. Akuti kampani ina ikufuna kuyala masola opangira magetsi padambopo, poti chisanu ndiye chinapita, sichidzabweranso.

Hylke si munthu wolankhulalankhula, koma tsiku limenelo anaimirira, chipewa chili m'manja.

"Zoti chisanu chachepa ndikuzidziwa kuposa nonsenu, zili m'kabukumu," anatero. "Koma ndili mnyamata tinakhalaponso zaka zitatu popanda ayezi, chachinayi n'kutsetsereka milungu iwiri. Chimene ndikukana ine n'kuopseza ana. Akuchokera kusukulu akulira kuti mudzi uno umira iwo asanakule. Makolo athu anatchinga nyanja ndi mafosholo, sanakhale pansi n'kumalira maliro a dziko."

"Ndi awa okana sayansi aja!" wina anakuwa kumbuyo.

"Ndakana chiyani? Bwerani kuno mundiuze."

"Bambo Tolsma," anatero mayi Boonstra ndi kamawu kofewa ngati akunyengerera wodwala, "mawu ngati amenewo ena sakumasuka nawo muno. Tiyeni tisankhe bwino zolankhula."

"Ndatukwana munthu, mayi?"

"Ayi, koma kalankhulidwe kake."

Kalankhulidwe! Munthu amene wakhala akugwada pa ayezi zaka makumi awiri ndi zisanu chifukwa cha ana a eni ake, lero aphunzitsidwe kalankhulidwe. Anakhala pansi makutu atafiira.

Anthu atakangana mpaka khofi kuzizira, anagwirizana chimodzi: mbendera ikakwera ngakhale tsiku limodzi chisanu chimenecho, dambo likhala, ikapanda kukwera, mu Malichi asaina ndi kampani ija. Potuluka, mayi Boonstra anaponyako kamawu akumwetulira: "Ndipo woyezayo ndi inu nomwe, eti? Tiona." Hylke anamva bwinobwino chimene ankatanthauza: akuti iye akhoza kunama.

Analemba kalata yoti ituluke m'kanyuzipepala ka m'mudzi, kufotokoza zomwe anam'dula pakamwa zija. Inabwerera mizere isanu itafufutidwa, pansi atalemba kuti taifewetsa pang'ono. Iye anati ngati mawu ake sangatuluke momwe anawalembera, asatuluke n'komwe. Sanatulukedi.

Disembala mvula. Januwale mvula. Padambo pankasambira abakha, ndipo Auke wokonza mathirakitala, mnzake wa paubwana, akadutsa ankakuwa kuti, "Achimwene, abakha anu anenepatu! Tiphe liti?"

Sabata yachiwiri ya Febuluwale mphepo inatembenuka n'kuyamba kuchokera kum'mawa. Lachinayi m'mawa, atangomaliza kukama, Hylke anabowola n'kupeza masentimita awiri. Lachisanu atatu ndi theka. Mudzi unadzuka. Anthu anatsitsa nsapato zamipeni zomwe zinachita dzimbiri kudenga n'kuyamba kunola. Koma pawailesi anati Lamulungu kubwera mvula yofunda. Tsiku linali limodzi lokha, Loweruka.

Loweruka lomwelo dzuwa likutuluka, m'mbali mwa dambo munali mutadzaza. Ngakhale Tjitske, mwana wamkazi wa Hylke amene amaphunzira ku Groningen, uja sadya ndi bambo ake osakangana za ng'ombe ndi kutentha kwa dziko, anabwera nsapato zili pakhosi. Hylke anakwawira pakati, anabowola, anayeza. Anasunthira pafupi ndi chitseko cha ngalande, anayezanso. Anabowola kachitatu. Atabwerera kumtunda, Auke anam'kokera pambali.

"Zingati?"

"Faifi."

"Iwe, wayeza ndi magalasi ako akalewa? Sikisi imeneyo."

"Faifi, Auke."

"Aaa, achimwene, sentimita imodzi? Chikhadabo changachi n'chachikulu kuposa pamenepo! Ndani akakugwadire pamenepo kukaona? Kweza mbendera, ana azungulire kawiri, tijambule zithunzi, dambo tapulumutsa. Agogo ako anakumba ngalande iyi ndi manja, iwe ufuna kuipereka kwa anthu okutseka pakamwa?"

Hylke anayang'ana anthu. Mayi Boonstra analipo, manja m'matumba, maso pa iye. Ana ena anali atamanga kale zingwe za nsapato.

Tjitske anasendera pafupi. "Adadi, madziwa ndi olekeza m'mawondo basi. Inenso sindikufuna masola pano."

"M'mawondo mwako, mwanawe. Kwa mwana wa zaka zinayi ndi m'khosi. Ndipo pangalande paja ndi pakuya, ukudziwa. Faifi amanyamula ine ndekha, sanyamula mudzi."

Anatulutsa kabuku kaja, n'kulemba tsiku, n'kulemba faifi. Kenako anakweza mawu: "Palibe kuponda. Vulani nsapatozo."

Auke analavulira pansi. "Wouma mutu ngati iwe sindinaone. Ng'ombe zako zili ndi nzeru kuposa mwini wake."

"Nchifukwa chake zimakuthawa," anayankha Hylke, koma palibe amene anaseka. Msuzi wa nsawawa anthu anakadyera kwawo.

Lamulungu mvula inagwadi. Mu Malichi anasaina, ndipo Hylke yemweyo ndiye anakatsegula ngalande kuti madzi atuluke komaliza. Kanyuzipepala kaja kanalemba mzere umodzi, kuti chaka chinonso ayezi kunalibe monga zinkayembekezeka. Za masentimita asanu, za munthu amene akanatha kunama mudzi wonse n'kumuombera m'manja, osatchulako ngakhale liwu. Amene anakuwa kumbuyo uja mpaka lero sanadziulule.

Chondipsetsa mtima kwambiri ndi ichi. Patapita sabata, mayi Boonstra anafika kukhola, akulumphalumpha ndowe ndi nsapato zawo zoyera. Akuti akampani akufuna umboni woti dambolo silikugwiranso ntchito, ndiye akupempha kabuku kaja akajambule masamba ake.

"Manambala anu aliyense amawakhulupirira, Bambo Tolsma," anatero.

Hylke anapukuta manja pa ovololo, anatulutsa kabukuko m'thumba la pachifuwa n'kuwapatsa.

"Tengani, mayi. Mulinso kalata yanga ija mkatimo, yosafewetsa. Imeneyo analemba ndi munthu yemweyo wa manambalayo."

Kabuku kanabwerera Lachiwiri m'envelopu. Kalatayo inali mommo, yopindidwa momwe anaipindira iye, ndi kaudzu kouma komwe kanalowa pakati pake tsiku lija kukhola kali pomwepo. Mayiwo sanaitsegule n'komwe.